"Kuona maso a nkhono n'kudekha": amalume amatanthauzanji pa nkhani ya nsomba?

Mnyamata wa ku Area 25: Abale, ndimasulireni. Loweruka tinali ku Bua, kuwedza kongosangalala kuja, kogwira nsomba, kuijambula n'kuibwezera m'madzi. Ndakola yanga yonyezimira bwino, ndayamba kukuwa kuti mpasa! Amalume kungoiponyera diso, amvekere, "Mphwanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ameneyo ndi sanjika." Ine mwambiwu ndimaudziwa ngati wouza munthu amene watopa n'kudikira. Nanga nsomba inali kale m'manja, kudekhako kukulowa pati?

Nangozo: Mwandikumbutsa malemu agogo anga ku Ntcheu. Mvula ikakata ankatola nkhono n'kuiika pa mtondo wovundikira, ife adzukulu titazungulira. Woyamba kuigwira ndi chala ndiye ankatsuka mbale madzulo. Tinkakhala chete mpaka itulutse tinyanga take, maso ali kunsonga. Sankafotokoza kanthu, ankangonena mwambiwo n'kubwerera kokatokosa moto.

Mkulu wa ku Chia: Ana inu, mwambiwu munaupotoza. Mawu ake ndi kudikha, kudikha kwa madzi. Ngwa asodzi umenewu. Mwera ukawomba nyanja imavunduka, pansi suona kanthu. Madzi akadikha ndiye umaona nkhono pamchenga, n'kuonanso nsomba imene ikusuzumira nyambo yako. Mayi awo a bambo anga ankatero ndithu: kudikha.

Aphunzitsi Opuma: Akulu, ndikupatsani ulemu, koma mabuku amene tinkaphunzitsira onse amati kudekha. Ndiponso nkhono yokhala ndi maso kunsonga kwa nyanga ndi yapamtunda. Zam'madzi, monga zija zofalitsa likodzo, maso ake amakhala kutsinde kwa nyanga.

Mkulu wa ku Chia: Mabukuwo analemba ndi anthu a kumtunda, oti bwato sanakwerepo. Kudikha.

Wambedza: Tiyeni tibwerere kunsombako, chifukwa amalumewo analasa. Mpasa ndi sanjika n'zapachibale, zonse zimachoka m'nyanja kukwera mitsinje kukaswa, ndipo zonse zimalumphira kanyambo kachitsulo konyezimira ngati zapenga. Kusiyana kwake kumafuna maso. Mpasa mamba ake ndi ang'onoang'ono kwambiri, ndipo amakula mpaka makilogalamu 3 kapena 4. Sanjika safika kumeneko, mamba ake ndi okulirapo, ndipo mizere yakuda ya m'mbali mwake imaonekabe ngakhale atakula. Chovuta n'chakuti mpasa akadali wamng'ono amakhalanso ndi mizere. Ndiye munthu wa phuma amangoona kunyezimira, basi wayamba kale kuimbira anzake foni. Amalume anu amati dekhani, yang'anani mamba, kenako mutchule dzina. Nsomba ziwirizi kwawo ndi m'nyanja ya Malawi ndi mitsinje yake yokha, monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru. Ku Bua mpasa akadalipo chifukwa mtsinjewo umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene a African Parks anayamba kuyang'anira mu 2015. Mitsinje ina matope ochokera m'minda anakwirira timiyala tomwe amaikirapo mazira, kuwonjezera mono ndi katupe, mankhwala aja ophera nsomba.

Nangozo: Eya, katupe. Azakhali anga ankati nsomba ya katupe siikoma ndi nsima ya mgaiwa. Kaya zinali zoona kapena ankangotiopseza.

Mkulu wa ku Chia: A Wambedza, mwanena nokha kuti matope. Madzi a matope mungaonemo chiyani? Mwabwera kumbali yanga osadziwa.

Wambedza: Ayi bambo, mamba ndimawerengera m'manja, nsomba itatuluka kale.

Mayi a Chisomo, Johannesburg: Ine kwathu ku Mangochi agogo ankaunena akamaphunzitsa atsikana kusankha nsomba padoko. Wogulitsa akuti chambo, iwo ankaitembenuza kaye, kutsegula makha, kenako "awa ndi makumba, mwanawe, tsitsa mtengo." Pobwerera ndiye ankatiuza za maso a nkhono. Choncho kwa ine mwambiwu ndi wa kuyang'anitsitsa, za kudikira ndinadzazimvera kusukulu.

Aphunzitsi Opuma: Apo ndiye pali matenda a lero. Mwana wa m'tauni nsomba amadziwa ziwiri, chambo ndi usipa. Kampango amati mlamba, mlamba amati kampango. Mdzukulu wanga ndinamufunsa ntchila, anayesa ndi dzina la foni. Sindimuda kwenikweni, ntchila inayamba kusowa m'nyanja kalekale iye asanabadwe, koma nanga mwambi nawonso unalowa mu ukonde? Ukamuuza dekha, yankho lake ndi "shapu madala, ndili boo." Chiganizo chimodzi zilankhulo zitatu.

Kamnyamata ka Ndirande: Madala, musatinyoze tonse. Ife chambo timachionera pa mtengo wake mu shopu, ndiye mayina a nsomba tiwadziwira kuti? Inu munkadya, ife timangomva.

Aphunzitsi Opuma: Mwamuona? "Madala." Agogo ako angakhale madala?

Wa ku Chikwawa: Poti mwayamba za mayina, ndiponyepo yanga. Inu a kunyanja mukati ncheni mumanena kansomba katalikatali kaja ka m'gulu la chambo, kamene alendo owedza amakakonda. Ife kuno kumunsi kwa mathithi a Kapichira mcheni ndi chilombo china, cha mano ngati misomali, chofiira kumchira, chochokera ku Zambezi. Chimadula ulusi ngati simunaike kawaya pafupi ndi mbedza. Kumtunda kwa mathithi kulibe. Mlamu wanga wa ku Salima tinatsutsana usiku wonse, aliyense akulumbira kuti mnzake sadziwa nsomba.

Mkulu wa ku Chia: Ncheni weniweni ndi wa kunyanja. Ndipo naye umamuona bwino madzi akadikha.

Nangozo: Akulu inu, mpaka liti kodi?

Mkulu wa ku Chia: Mpaka mundibweretsere gogo wa kunyanja, wobadwira padoko, amene amati kudekha. Wa ku Ntcheu ayi.

Mayi a Chisomo, Johannesburg: Anga aja anali a ku Mangochi, bambo. Padoko penipeni.

Mkulu wa ku Chia: Ku Mangochi Chiyao chinasokoneza. Ndikunena wa ku Nkhotakota.