Za mphunzitsi wa Chingerezi uja: chilolezo chatuluka

Miyezi yapitayo ndinafunsa ngati mayi wina wa ku Zimbabwe angayambe kuphunzitsa Chingerezi pasukulu yathu kuno ku Zomba ali ndi chilolezo cha mlendo chokha. Ambiri munati ayi, ndipo munanena zoona. Pamafunika TEP, chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno, ndipo opempha ku Immigration ndi ife olemba ntchito, osati mphunzitsiyo. Ichi sindinkachidziwa.

Chinandiwawa mtima n'chakuti mayiwo anayenera kubwerera kwawo kukadikira yankho, ana a Fomu 4 akungokhala opanda mphunzitsi, mayeso a MSCE ali pafupi. Ndinkagona tulo tosakwanira, kunena zoona.

Tinapereka makope a masatifiketi awo, pasipoti, zithunzi, kalata ya apolisi akwawo, komanso umboni woti ntchitoyo tinailengeza kuti Amalawi nawonso afunsire. Umboni umenewu ndinauiwala ulendo woyamba, moti ku Blantyre ndinapitako kawiri. Sungani nyuzipepala imene munalengezamo, abale anga!

Chilolezo n'cha zaka 2. Mayiwo alowa Lolemba kudzera pachipata cha Mwanza, ndipo nyumba tawapezera ku Matawale. Zikomo nonse amene munandilangiza.