Zosonkha za chaka chino: mitengo ku phiri la Soche kapena ngalande?

Wapampando: Moni nonse ana a ku Chilobwe, amene muli kumudzi ndi amene muli kunja. Kukomiti kwafika maganizo awiri pa ndalama tasonkha chaka chino: kubzala mitengo ku phiri la Soche, kapena kumanga ngalande ya simenti pa msewu wotsikira kumsika. Zonse ziwiri sitingathe. Nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala, ndiye tigwirizane mwezi uno.

Achimwene a ku Joni: Ine mitengo basi, a wapampando. Tonse tikukumbuka za pa 13 Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osakata, phiri linagumuka, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba anthu ali momwemo. Ena mpaka lero sanapezeke. Phiri lija likanakhala ndi mitengo yake sitikanalira maliro ochuluka chonchija.

Anaphiri: Achimwene, sindikutsutsa, koma ine ndimagona pansi pa phiri lomwelo. Freddy atangodutsa kunabwera magulu ambirimbiri ndi mbande, matisheti ndi makamera. Kwerani mu Okutobala mukaone yomwe inatsala. Ina inadyedwa ndi mbuzi, ina inapsa ndi moto wa osaka mbewa, ina anaizula ofuna kubzala chimanga. Pamene ife mvula ikangogwa pang'ono madzi amalowa m'nyumba, ana amalephera kuwoloka popita kusukulu. Ngalande tidzaiona ndi maso athu.

Aphunzitsi opuma: Ana anga, ndiloleni nditalikitseko. Napolo sanayambe ndi Freddy. Anasesa Zomba mu 1946, anasesanso Phalombe mu 1991 pamene phiri la Michesi linagumuka, ndipo nthawi zimenezo mapiri anali asanametedwe mpala ngati lero. Mvula ikapyola muyeso, nthaka yokhuta madzi imatsetsereka, mitengo ilipo kapena palibe. Tisanamize anthu kuti tikabzala ndiye kuti imfa yatha. Chimene chinachulukitsa maliro kwathu n'chakuti nyumba zinakwera mpaka m'njira za madzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mu mzinda wa Blantyre, ndipo malo athyathyathya anatha kalekale. Wobwera kumene amasema phiri kuti apeze pomanga, amakumba dothi pompo n'kuumba njerwa, n'kudula mtengo woyandikira kuti aziwotchere. Wina akuphwanya miyala yomwe inkagwira nthaka kuti agulitse kwale. Ndirande ndinaliona lili bii ndi paini. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 linatha tikuona. Komabe mitengo ili ndi ntchito yake. Imachepetsa liwiro la madzi a mvula ya masiku onse, ndipo madzi amenewo ndi omwe akuvutitsa Anaphiri.

Mnyamata wa kumtunda: Agogo, mwanena zoona, koma ndikupempha tisamalankhule za anthu a kumtunda ngati akuba. Mayi anga anakwera kumeneko chifukwa lendi ya kumunsi inawakanika. Amene amagula makala ndi nkhuni ndi anthu a m'nyumba zamagetsi zomwe, magetsi akazima kapena mayunitsi akadula. Mukabwera ndi mbande osalankhula nafe, zidzafanso.

Achimwene a ku Joni: Pepa mphwanga, sindinali kuloza chala munthu. Nanga iwe ukuti tichite chiyani?

Mnyamata wa kumtunda: Mutilembe ganyu yosamalira, osati yobzala tsiku limodzi. Achinyamata tilipo, ntchito tilibe.

Nachisale: Apa ndiye tafika pamene ndimafuna. Ndinagwirapo ntchito ya ulangizi kumidzi, ndipo chomwe ndinaona chikuthandiza si kugula mbande zambiri ayi. Paphiri paja zitsa zambiri n'zamoyo. Mombo, msuku, mthethe, zimaphukira zokha mukazileka. Mumasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa, zinazo n'kusadza, ndipo zimakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu ili kale pansi. Chofunika ndi kulambula njira zotchinga moto mvula ikangotha, udzu usanaume, ndi munthu woyendera tsiku ndi tsiku. Pamalo otsetsereka tibzale udzu wa vetiva m'mizere yopingasa kuti uzigwira dothi, m'makwawa tibzale nsungwi. Bulugamu pafupi ndi mitsinje ayi, amamwa madzi kwambiri. Ndipo achemwali Anaphiri, ngalande yanuyo tikaimanga kumtunda kuli mbee, mvula ya chaka chimodzi idzaidzaza mchenga ndi miyala, madzi n'kusefukira m'nyumba momwemo.

Anaphiri: Zimenezo ndaziona pa ngalande zina, sindikana. Koma vetiva wanuyo adzayamba kugwira dothi liti? Dzinja likubwerali ine ndigona kuti?

Nachisale: Akagwira bwino, dzinja lachiwiri mumayamba kuona kusintha. Lino lokha sangakupulumutseni, pamenepo sindingakunamizeni.

Msungichuma: Ndiikepo za thumba. Ngalande ya simenti idya zonse, mwinanso kuthera panjira momwe simenti ikukwerera mtengomu. Njira ya a Nachisale siifuna zambiri poyamba, koma imafuna ndalama mwezi ndi mwezi kwa zaka zingapo. Ndiye funso langa kwa inu a ku Joni ndi ku Ulaya: mudzapitiriza kutumiza pamene palibe chithunzi cha chinthu chomangidwa choti muonetse? Tikasiya kulipira osamalira pakati pa chilimwe, moto umodzi udzamaliza zonse.

Achimwene a ku Joni: Ine ndidzatumiza, bola tiziona kaundula wa amene alandira ndi dera lomwe akusamalira.

Aphunzitsi opuma: Musaiwale kuti kumtunda kuja ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma. Sitingangokwera ndi makasu. Tiyambire kwa amfumu, kenako ku ofesi ya zankhalango ndi kukhonsolo ya mzinda, atipatse chigawo chodziwika malire ake. Ndipo omwe ali ndi minda mmenemo akhale nawo pa zokambiranazo, chifukwa tikuwapempha kusiya pomwe amapeza nsima.

Anaphiri: Ine ndivomera pokhapokha gawo lina lipite kokumba ndi kuyala miyala mu ngalande yadothi yomwe ilipo kale, Disembala asanafike. Simenti idikire. Koma musandiuze kuti ndidikire zaka ziwiri madzi ali pakhomo.

Wapampando: Zamveka. A msungichuma, tiwerengereni mtengo wa zonse ziwiri, kukonza ngalande yadothi ndi ganyu ya osamalira kwa chaka chathunthu. Ine ndi aphunzitsi tikaonana ndi amfumu Loweruka. Mphwanga wa kumtunda, bwera ndi anzako komanso eni minda aja. Voti tichita Lamlungu madzulo, titamva zomwe amfumu anena.