Katana wosula mwachikale kapena wachitsulo chamakono, ndigule uti?

Wofunsa: Abale ndithandizeni, tulo sindikuona. Chaka chonse ndakhala ndikusunga ndalama ya katana, lupanga la ku Japan. Wogulitsa wina akuti wake ndi wa tamahagane, chitsulo chachikale cha ku Japan, wina akuti wa 1095, chitsulo chamakono cha m'fakitale, ndiye wolimba. Mayi akunyumba sakundiyankhula chifukwa cha nkhaniyi, alamu anga nawo anandiseka pamaso pa ana, chonsecho ngongole yanga sanabweze mpaka lero. Mutu waima.

Bambo a Tadala: Tamahagane basi! Ku Shimane, ku Japan, amawotcha mchenga wachitsulo ndi makala m'ng'anjo yadongo masiku atatu, usana ndi usiku, kenako n'kuiphwanya ng'anjoyo. Wosula akapinda chitsulocho ka 15, mizere imapitirira 32,000. Fakitale ingathe zimenezo?

Nachisale: Amapindatu chifukwa chimatuluka ndi zinyalala, kaboni wake wosafanana paliponse. Chamakono chimabwera choyera kale. 5160, chija cha masipuling'i a galimoto, chimapindika n'kubwerera. Wachikale akapindika amakhala chomwecho mpaka mumuwongole.

Bambo a Tadala: Mayi, lupanga la masipuling'i? Nanga hamon, mzere wokongola uja wooneka m'mbali mwa kokuthwa, muutenga kuti?

Nachisale: Hamon amabwera ndi dongo, bambo. Amamata lochindikala kumsana, lopyapyala kokuthwa, n'kuviika m'madzi lupanga lili psuu. Pa 1095 zimathekanso.

Gogo Phiri: Langa linali lonyezimira, la stainless, chitsulo chosachita dzimbiri msanga. Nditangotema nthambi linathyokera m'chigwiriro, mpeni wake n'kuuluka kudutsa pafupi ndi mwendo wa mdzukulu wanga. M'kati munali kawaya kowotcherera ngati mchira wa khoswe. Mpaka pano ndikakumbuka thupi limachita tsemwe.

Mai a Dalitso: Akazi anu sakukuyankhulani inu muli pa malupanga? Kambiranani kaye.

Yamikani: Achimwene, mukulifuna lachiyani? Lopachika pakhoma, kapena lotemera? Simunanene. Funsaninso ngati malamulo a kwanu amalola kuitanitsa.

Bambo a Tadala: Ku Japan munthu amaphunzira zaka 5 asanapatsidwe chilolezo chosula, ndipo malupanga aatali samapitirira awiri pamwezi. Ulemu wake ndi umenewo!

Yamikani: N'chifukwa chake wotchipa amene akutchedwa tamahagane pa intaneti ndi wokayikitsa. Lililonse mungagule muzilipaka mafuta, tamahagane ndi 1095 zonse zimachita dzimbiri.

Wofunsa: Zikomo nonse. Alamu aja aona funsoli, ayambanso kunditumizira mauthenga onyoza. Ndiye mwati ndigule uti?

Bambo a Tadala: Ndanena kale ine.