Galimoto ya odwala: titenge ya turbo kapena ya injini yaikulu?

Wapampando: Moni nonse a kwathu. Zopereka zija zakwana kugula galimoto yakale yonyamulira odwala ndi amayi apakati kuchoka kumudzi kupita ku Chipata Central Hospital. Tapeza ziwiri, Hilux 2.4 GD-6 ya turbo ndi Land Cruiser ya injini ya 1HZ, 4.2 yopanda turbo. Lankhulani tisanatape ndalama ku banki.

Wa ku Lusaka: Ine Hilux basi a Chair. Injini ndi yaing'ono koma imatulutsa mphamvu ya 110 kW pomwe 1HZ ndi 96 chabe, dizilo imamwanso pang'ono. Ndiye kumbukirani kwathu ndi kumtunda, Chipata ili pamwamba kupitirira mamita 1,000, mpweya ndi wochepa ndipo injini yopanda turbo imafooka pokwera, pomwe turbo imachita kukankhira mpweya mkati.

Makanika wa ku Kapata: Mphwanga zamphamvuzo sunaname koma ndani azikonza? GD-6 ndi common rail, kutanthauza kuti dizilo amapopedwa mwamphamvu kwambiri motsogozedwa ndi kompyuta, mainjekita ake othira dizilo mu injini safuna dizilo ya madzi kapena ya fumbi ngakhale pang'ono, ndipo tonse tikudziwa kuti usiku wodwala akafika povuta dalaivala adzathira ya m'chigubu yomwe wapeza pafupi. Turbo imazungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi, ukachedwa kusintha oyilo kapena kumazima injini ikadali yotentha utangokwera phiri imapita, ndiye galimoto ikayatsa nyali pa dashibodi mpaka uyibweretse kutauni pa kompyuta. 1HZ ilipo kuyambira 1990, pampu yake ilibe zamagetsi zambiri, ndimaikonza ndi masipanala pansi pa mtengo ndipo masipeya sasowa.

Msungichuma: Amalume ndamva, koma ine nkhawa yanga ndi ya mwezi ndi mwezi. Kugula timasonkha kamodzi, mafuta ndi tsiku lililonse, ndipo anthu akagulitsa soya ndi nshawa amapereka koma ikafika Januwale thumba limauma. 4.2 ija tiikwanitsa?

Namwino wopuma: Ana anga musaiwale amene agone m'galimotomo. Mayi amene matenda ayamba sangakhale kumbuyo kwa pikapu pamvula, pafunika pogona sitirecha ndi pokhala womuperekeza. Land Cruiser yotseka ija malo alimo. Komanso m'matope a Febuluwale liwiro silithandiza, chofunika ndi kufika.

Wa ku Lusaka: Amayi pa sitirecha mwanena zoona, Hilux ingafune kanopi ndiye ndalama zina.

Makanika wa ku Kapata: Ndipo injekita imodzi ikafa mtengo wake udya zonse zimene munasunga pa mafuta. Amayi a chuma ikani lamulo, banja lililonse lizipereka kangachepe ka mafuta nthawi yokolola, tisunge padera.

Wapampando: Chabwino. Amalume pitani Loweruka mukaone Land Cruiser, muyang'ane utsi, chasisi ngati ilibe dzimbiri ndi mapepala a RTSA, bungwe la boma loona za magalimoto pamsewu. Amayi a chuma tiwerengereni mafuta a miyezi 6 pa zonse ziwiri, tivote Lamlungu madzulo.