Reputation ikuulula komwe anthu amagona, ndithandizeni

osagona_dev: Akuluakulu, mutu waima. App yathu imayeza phokoso la m'misewu ndi maikolofoni ndi GPS ya foni, wotumiza data yabwino timamulipira ma token, ndalama za digito. Reputation, score yoonetsa kudalirika kwa wotumiza, tinaimangirira ku adiresi ya wallet, chikwama cholandirira ma token. Dzulo ndinatenga adiresi imodzi, n'kuyerekeza nthawi za malipiro ndi ma log athu, mphindi khumi zisanathe ndinali nditadziwa komwe munthuyo amagona ndi komwe amagwira ntchito. Zandiopsa. Ndikati adiresi yatsopano pa report iliyonse, reputation ibwerera pa ziro, a Sybil, onama otsegula ma akaunti ambirimbiri abodza, alowa ngati nyerere. Nditani?

wa_node: Lipirani mu Monero basi, ndalama ya digito yobisa malipiro. Ring signature ibisa wolipira, stealth address ibisa wolandira, nkhani yatha.

mayi_backend: Achimwene, Monero ibisa malipiro, koma seva ikuonabe kuti wa score 87 anali apa m'mawa, uko madzulo. Score yeniyeniyo yasanduka dzina lake. Kafukufuku wa de Montjoye ndi anzake wa 2013, pa anthu 1.5 miliyoni, anapeza kuti malo anayi okha ndi nthawi zake amakwanira kuloza anthu 95 pa 100. Gawani score m'magulu atatu kapena anayi, foni izingotsimikiza ndi zero-knowledge proof, umboni wosaulula score yeniyeniyo, kuti ili m'gulu lapamwamba, nullifier, chizindikiro chogwira ntchito kamodzi kokha, iziletsa kulipidwa kawiri.

mkulu_QA: Samalani ndi onama. Komwe ndinkagwira kale, wina anatsegula ma emulator (mapulogalamu odzionetsa ngati mafoni) ambirimbiri pa kompyuta imodzi, mock location yonamiza GPS ili yoyatsa, onse "akugwirizana" pa chiwerengero chimodzi. Ife tinkakhulupirira ochuluka, ndiye oona mtima ndi amene score yawo inagwa. Tinamugwirira batire: "mafoni" onsewo sankatsika chaji tsiku lonse. Mpaka lero zimandiwawa, anthu abwino anachoka osabweranso.

wa_node: Ndanena kale, Monero.

mayi_backend: Monero siletsa emulator, bambo.

wa_ma_sensor: Komanso musamalipire nthawi yomweyo. Report ikalowa 7:02, malipiro n'kutuluka 7:03, ngakhale mutaika blind signature ya David Chaum, njira yoti seva isaine chinthu osaona zomwe zilimo, mwadziulula nokha. Sonkhanitsani, muzilipira onse pamodzi, ndalama zofanana. Ndipo mawu ojambulidwawo asachoke pa foni, muzitumiza ma decibel okha.

wa_node: Zonsezi mukuzivutikira chifukwa chokana Monero.

osagona_dev: Mayi, proof imeneyo foni ya RAM yochepa ingaikwanitse? Otumiza athu ambiri ali ndi zoterozo.

mkulu_QA: Yesani pa foni yeniyeni, osati ya mu ofesi. Pajatu Play Integrity, chida cha Google chotsimikizira kuti foni ndi yeniyeni, mukuiyang'anira pa seva kapena pa foni pomwepo?