Zala zikuwawa, F sakumveka, ndipitirize bwanji gitala?

Woyamba_Gitala:
Abale oimba gitala ndithandizeni maganizo. Ndinayamba ndi moto koma pano ndayamba kugwa ulesi, zala zakumanzere zikuwawa heve, ndikagwira kodi (chord) ya G kuti ndipite pa C pamadutsa nthawi mpaka nyimbo imaduka, ndiye F uja basi nsambo zimangoti phwa phwa osamveka chilichonse. Gitala ndimaikonda ndipo sindikufuna kusiya. Inuyo munadutsa bwanji pamenepa?

Nsambo6:
Achimwene musanadzione ngati olephera yambani mwaiona gitalayo. Anthu ambiri amasiya chifukwa cha gitala yolimba osati chifukwa alibe luso ayi. Yezani mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ija ndi fret ya 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), pa acoustic uzikhala pafupifupi mamilimita 2 ndi theka kapena 3, ukapitirira pamenepo mukulimbana ndi waya basi, apatseni okonza magitala akutsitsireni. Nsambo nazonso zimasiyana, nambala ikakula ndiye kuti ndi zonenepa, ngati muli ndi za 12 kapena 13 ikani za 10 kapena 11 ndi zofewerapo, za nayiloni ndiye zofewa kuposa zonse koma izo ndi za gitala ya classical. Wengani zikhadabo, ndipo chala chizikhala pafupi ndi kachitsulo ka fret osati pakati, simufunika mphamvu zambiri mukatero. Kuwawako kumatha pakapita masabata angapo khungu la kunsonga likalimba, koma pakatuluka matuza pumulani kaye. Komanso chunani nthawi zonse musanayambe, nsambo zizilira E A D G B E kuyambira yaikulu, pa foni pali ma app aulere, gitala yosachuna imakunamizani kuti mukulakwitsa pomwe mwagwira bwinobwino.

MlongoWaMakodi:
Zomwe anena a Nsambo6 nzoona koma ine ndikuona kuti chakusowani ndi nyimbo. Munthu sungalimbikire zinthu zoti sizikukoma m'khutu. Sankhani nyimbo imodzi yomwe mumaikonda zenizeni yoyenda pa G, C, D ndi Em, zilipo zambirimbiri, muiimbe yonse kuyambira poyamba mpaka kumapeto olo ikhale yokhotakhota, muziimbanso ndi pakamwa. Tsiku lomwe mudzaimalize osaima mtima udzasintha ndithu ndikukuuzani. F musiyeni kaye, amene uja amavutitsa aliyense chifukwa chala chimodzi chimagona pa nsambo zonse 6, pakadali pano gwirani Fmaj7 ndi zala zitatu, nyimbo zambiri imalowa bwinobwino. Ndipo mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola atatu kamodzi pa sabata. Gitalanso isamakhale m'chikwama, iikeni poonekera poti mukangodutsa muigwire.

BassNdiMoyo:
Pa F ndikusiyana nanu pang'ono achemwali, asamusiyiretu, azimugwira mphindi ziwiri patsiku koma ayambire kumtunda pa fret ya 5 pomwe nsambo zimafewerapo kenako azitsika pang'onopang'ono. Koma chomwe chikudula nyimbo ndi dzanja lamanja, limaima kudikira lamanzere. Ikani metronome (kachipangizo kapena app yogogoda bit) pa ma bit 60 pa mphindi, dzanja lamanja lisaime olo kodi isanakhale bwino, lamanzere lidzaphunzira kuthamanga lokha. Tengani makodi awiri okha muwerenge kuti mwasintha kangati pa mphindi imodzi mulembe, sabata yamawa muyesenso, nambala ikamakwera mphwayi zimathawa chifukwa mukuona ndi maso kuti zikuyenda. Zala zikamakukayikitsani kumbukirani katswiri wa gitala Django Reinhardt, anapsa ndi moto mu 1928 zala ziwiri zakumanzere nkupuwala, anaphunziranso mwatsopano ndipo ma solo ake ankaimba ndi zala ziwiri zotsalazo, mpaka lero oimba jazz amamuphunzira.

Woyamba_Gitala:
Zikomo kwambiri nonse mwandilimbitsa mtima. Ndayeza ndi rula pa fret ya 12 mpata ukupitirira mamilimita 4, ndiye a Nsambo6 munalasa, ndipita nayo kwa okonza. Funso lina, podikira kuti ikonzedwe ndikaika capo (kopanira nsambo zonse kaja) pa fret ya 2 zingafeweko kuti ndiziyeserera G ndi C, kapena ndizolowera zolakwika?