Ndine wamanzere, ndigule ndodo ziti za gofu poyamba?

Muli bwanji nonse akuluakulu? Ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata, ndipo ndayamba kuphunzira gofu miyezi iwiri yapitayi. Vuto langa ndi lakuti ndine wamanzere, pomwe ndodo zimene anzanga amandibwereka zonse n'za dzanja lamanja. Ndazungulira m'masitolo a m'tauni, ndafunsanso pa Facebook, osapeza kanthu. Wina ku Lusaka akugulitsa seti ya ndodo za kampani ya Wilson yogwiritsidwapo kale ntchito, koma ndikuopa kutumiza ndalama ndisanaigwire m'manja.

Malamulo amalola ndodo 14 m'chikwama, koma wongoyamba ngati ine ndikufunikadi zonsezo? Kapena driver (yomenyera kutali), 7-iron (ya mtunda wapakatikati), wedge (yokwezera mpira m'mwamba pafupi) ndi putter (yolowetsera mpira m'dzenje) zingandikwanire? Nanga shaft (thunthu la ndodo) yachitsulo ndi ya graphite (yopepukirapo), ndisankhe iti? Amene munagulako ku Lilongwe kudzera pa malire a Mwami, chonde ndiuzeni kumene ndingapeze zamanzere.